Ndimusankhe mwana wa mlongo wanga kapena ndimusiye?

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 44, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Ntchito yanga ndi ya uphunzitsi, koma Lachitatu masana ndi Loweruka ndimaphunzitsa anyamata masewero a kiriketi. Ndikudziwa kuti makalata ambiri omwe mumalandira ndi a maukwati ndi zibwenzi, koma ndiloleni ndidandaule, chifukwa nkhani ya pabwaloyi yandilowera m'banja ndipo tulo tandithawa.

Mwezi wamawa tikutumiza timu ya anyamata osakwana zaka 19 kukasewera ku Zambia. Osankhafe tilipo atatu, malo alipo 14. Pa mayina 13 tinamvana mosavuta. Malo amodzi otsalawo akulimbirana anyamata awiri, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mwana wa mlongo wanga.

Ndifotokoze pang'ono kuti mumvetse pamene pagona vuto. Mu kiriketi muli omenya mpira ndi bati, mulinso oponya. Ochepa okha amatha zonse ziwiri, ndipo timawatchula kuti ma all-rounder. M'masewero a T20 timu iliyonse imaponya maova 20, ova imodzi kukhala mipira 6, ndipo woponya mmodzi saloledwa kupitirira maova anayi. Ndiye kuti pa anthu 11 olowa m'bwalo, asanu ayenera kukhala oponya, zivute zitani. Oponyawo akakhala osadziwa kugwira bati, omenya odalirika amatsala 6 basi. N'chifukwa chake mnyamata wotha zonse amakhala ngati anthu awiri m'malaya amodzi. Mwana wa mlongo wangayu ndi wotero, ndipo chaka chatha panalibe womuposa pakati pa anyamata athu.

Mu February bambo ake anatisiya. Chiyambire malirowo mwanayu si uja. Pa masewero 6 apitawa sanafikeko ma run 10 (ma run ndiwo mapointi a womenya mpira), kawiri konse anatuluka ndi mpira woyamba. Kuponya nakonso kwasokonekera, mipira ikumathawira kutali ndi wiketi, timitengo titatu tomwe woponya amalunjikapo, kupatsa adani ma run aulere. Chondizunguza mutu n'chakuti pokonzekera, tikakhala tokha mu neti, amasewera bwino ngati kale, mapazi akuyenda, diso lili pa mpira. Akangolowa m'bwalo pamaso pa anthu, miyendo imauma gwa, amathamangira kumenya mpira usanafike. Dzanja silinaiwale kanthu. Chimene chavulala ndi mtima.

Mnzakeyo ndi mwana wa ku Mtandire. Amabwera wapansi, bati amabwereka, koma chaka chino akumenya ma run 30, 40, sabata ndi sabata. Kuponya sadziwa. Sanajombepo ngakhale tsiku la mvula, ndipo sindinamuuzepo chinthu kawiri.

Mwa osankha anzanga awiri aja, woyamba akuti timu imasankhidwa poona zimene munthu akuchita lero, osati zimene ankachita chaka chatha, ndipo tikasiya mwana amene walimbikira, anzake onse aphunzira kuti thukuta lilibe phindu. Wachiwiri akuti popanda all-rounder tipita ndi oponya asanu okhaokha, mmodzi akangopweteka phewa kapena tsiku likamuipira, palibe womulandira mpira. Onse akunena zoona. Mavoti ali mmodzi uku, mmodzi uku, langa ndiye lodula mlandu. Ndinapempha kuti ndituluke panja agamule okha, iwo anakana, akuti amene amawadziwa bwino anawa ndine.

Usiku ndikagona maganizo amandifikitsa kwa Ian Botham, all-rounder wa England. Mu 1981, posewera ndi Australia pa bwalo la Lord's, anatuluka opanda run ndi imodzi yomwe maulendo onse awiri omwe timu yake inamenya, n'kutula pansi ukaputeni. Osankha sanamutaye. Masewero otsatira, ku Headingley, anatulutsa omenya 6 a Australia ulendo woyamba, kenako anamenya ma run 149 osatulutsidwa, England n'kupambana ndi ma run 18 pamene aliyense anali atataya kale mtima. Nkhani imeneyi ndimaikonda, ndawafotokozerapo anyamata kangapo. Koma masiku ano ndikuiopa, chifukwa imandibwerera nthawi yomwe ndikufuna chifukwa chosankhira magazi anga. Botham anali munthu wamkulu wa zaka 25, mbiri yake yodziwika kale pa dziko lonse. Wathuyu ali ndi zaka 17, ndipo akulirabe.

Kwathu kwa Achewa mukudziwa nokha kuti mwini mbumba ndi malume. Mlamu wanga ali moyo udindowu unali wopepuka, lero wonse uli paphewa panga. Ndine ndinamutenga mwanayu mu November 2019 kupita naye ku Lilongwe Golf Club kukaonera Malawi ikusewera ndi Mozambique, chaka chomwe masewero a T20 a mayiko ngati lathu anayamba kuwerengedwa m'mabuku a ICC, bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse. Anali ndi zaka 11. Pobwerera mu minibasi anandiuza kuti, "Amalume, tsiku lina ndidzavala malaya amene aja." Mlongo wanga wamupangitsa kale pasipoti ndi ndalama za ku banki m'khonde, wamugulira nsapato zoyera pa kaunjika ku Tsoka. Dzulo anandiimbira foni, sanapemphe kanthu, anangoti, "Achimwene, mwanayu chomwe chamutsalira ndi mpira wakewu ndi inu." Chibale ndi fupa, sichiola, ndikudziwa. Koma akuluakulu omwewo anatinso mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo wa ku Mtandire uja alibe malume pa tebulo la osankha.

Kunena mosabisa, mutu wanga wa kiriketi ukuti titenge all-rounder. Akanakhala mwana wa munthu wina ndikanamuvotera osaphethira, n'kukamupatsa maova awiri okha poyamba, kumenya abwere pa nambala 7 pamene katundu wachepa, mpaka mtima ubwerere m'malo. Koma sindikudzikhulupirira. Sindikutha kusiyanitsa mawu a kochi ndi mawu a malume m'kati mwangamu. Ndiponso ndili ndi mantha ena: ndikamutenga akadali chonchi, akakalephera kudziko la eni, anzake n'kumanong'onezana kuti analowera pawindo, kodi sindikhala nditamuthyola kotheratu? Ndikamusiyanso, kodi sindikhala ndamulanga chifukwa chokhala m'bale wanga, komanso chifukwa chofedwa?

Mayina tikupereka Lachisanu likudzali. Ndiumirire kutuluka, anzangawo apeze munthu wina wachitatu wodula mlandu, kapena kumeneko n'kuthawa udindo? Ndi bwino kumukhazika pansi mwanayo ndi kumufunsa ngati iye mwini akudzimva kuti wakonzeka, kapena ndiye kumusenzetsa mtolo womwe ndi wanga? Ndipo zikatha kuti watsala, ndikayambire pati kuwauza amake?

Malume wothedwa nzeru,
Area 25, Lilongwe