Magazi mumkodzo si likodzo lokha ayi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo za khansa ya impso, poti ineyo zandionekera pakhomo. Malume anga amakapikula usipa ku Nkhata Bay nkumadzagulitsa mumsika wa Mzuzu muno, ndiye tsiku lomwe anaona mkodzo wofiira tonse tinangoti aaa ndi likodzo basi, si munthu wakunyanja uyu. Anagula mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel nkumwa, magazi aja anasiya, patatha milungu ingapo ndi awo abweranso, iwo kumwanso. Kenako anayamba kudandaula kuti m'mbali mwa msana pansi pa nthiti mukuwawa osaleka, ife nkumati ndi madengu a nsomba amenewo. Thalauzi kuyamba kukhwepa, thupi kumangotentha koma akayezetsa malungo osapezeka, kumudzi ena anali atayamba kale kuloza zala anthu osalakwa.

Anatithandiza ndi adokotala ena omwe anakana kuwapatsanso mankhwala, anati apite kaye ku sikani ku Mzuzu Central. Kumeneko ndi komwe anapeza chotupa mu impso yakumanzere, nkutitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe komwe anachotsa impso yonseyo. Ine ndinalira ndithu, sindimadziwa kuti munthu amatha kukhala bwinobwino ndi impso imodzi.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi miyezi yomwe tinataya ija. Matendawa amakula mwakachetechete, magazi atha kutuluka osamva kuwawa kulikonse, nkusiya okha, iwe nkumati ndachira pomwe chotupa chikukulirakulira. Sindikuti aliyense wokodza magazi ali ndi khansa ayi, likodzo liripo lambiri kuno, komatu ukamwa mankhwala nkuona kuti zabweranso usakagulenso ena, kayezetse mkodzo ndipo upemphe sikani, usachite manyazi. Makamaka inu azibambo osuta fodya, a BP ndi onenepa kwambiri, chiopsezo chake ndi chachikulu kwa inu, komanso ndi inu nomwe amene mumabisa nkhani zakuchimbudzi ngakhale kwa akazi anu.

Ku wodi ndinamvanso kuti ana nawo amadwala khansa ya impso yotchedwa Wilms, kawirikawiri osakwana zaka 5. Amayi, mukamasambitsa mwana nkumva chinthu cholimba mbali imodzi ya mimba, musangoti ndi kapamba kapena njoka zam'mimba, thamangani naye kuchipatala chifukwa imachizika akaipeza msanga.

Kwa azaumoyo a m'zipatala zing'onozing'ono, chonde munthu akabwera kachiwiri ndi vuto lomwelo mulembereni kalata yopita ku Central. Ndipo boma litiganizireko ife akumpoto, thiransipoti yopita ku Lilongwe wodwala ndi gadiyani wake si ndalama yamasewera, ife tinachita kugulitsa njinga.

Malume abwereranso pa benchi lawo mumsika, kungoti madengu tikunyamula ndi ife.

Wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu