Mapu a madzi osefukira atipulumutsa bwanji ali mu laputopu?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule ndi zomwe zachitika kuno ku Makhanga. Miyezi ingapo yapitayo kudabwera achinyamata a bungwe lina atanyamula matabuleti, zida zolozera malo za GPS ndi kandege kaja ka drone. Tidawaperekeza tsiku lonse, dzuwa la kuchigwa kuno likuswa mtengo. Agogo ena adawalozera pa thunthu la mango pomwe madzi adalekeza mu Januwale 2015, chaka chomwe mtsinje wa Ruo udasiya njira yake n'kudzera m'minda mwathu. Tidawaonetsanso pomwe adafika madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023. Iwo ati zonsezi akazisanjikiza pa kompyuta pamodzi ndi zithunzi za satelayiti ndi miyeso ya kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ati ndiyo GIS, kuti tidziwe nyumba zomwe zimayamba kumira ndi njira yothawira.

Sabata yatha abwera nawo mapuwo. Mu laputopu! Mudzi wonse kuunjikana pa kagalasi kamodzi ngati tikuonera mpira, batire n'kutha tisanapeze n'komwe sukulu yathu. Amfumu atapempha pepala loti asunge, adauzidwa kuti zonse zili pa intaneti. Intaneti! Ndiye kuti Shire akadzaza pakati pa usiku, madzi ali m'chiuno, mwana kumsana, tiyambe tagula bandulo? Mawu ake onse Chingerezi chokhachokha, ndipo palibe adatiuza kuti kufiira kuja kwa pamapu kukutanthauza madzi a m'mawondo kapena opitirira denga. Nzeru tidapereka ndife, thukuta lathu, koma chotsala kuno ndi mabotolo a madzi omwe adamwa.

A DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amanena chaka ndi chaka kuti tisamukire kumtunda, ndipo makomiti oteteza anthu ku ngozi, a VCPC, adakhazikitsidwa kuti azichenjeza anthu m'midzi. Nanga komiti yopanda mapu ichenjeza ndi chiyani? Kenaka mudzamva a m'tauni akuti anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa ngosamva, amakakamira m'madambo podikira ufa waulere. Kumtundako malo adatipatsa ndani? Dimba lomwe limatidyetsa mvula ikakana lili kumtsinje konkuno.

Sindikizani mapuwo pa pepala lalikulu, m'Chisena ndi m'Chichewa, limodzi kwa amfumu, lina kwa komiti, kapena ajambuleni ndi penti pakhoma la sukulu Disembala asanafike.

Wokhumudwa,
Makhanga, Nsanje