Tikumana Loweruka: ma jini, kompyuta ndi kusaka mankhwala

Moni nonse a mugulu. Loweruka likubwerali tikumana 2 koloko masana pamalo athu aja, nkhani ndi ya momwe asayansi akusakira mankhwala atsopano powerenga DNA pa kompyuta, ndipo tasankha malungo poti tonsefe anatigonekapo.

Kuti musabwere chimanjamanja: genome (DNA yonse) ya Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo kaja, anaisindikiza mu 2002, ma jini (tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo opangira mapuloteni) opitilira 5,000, ndiye ntchito imakhala kufufuza puloteni yoti kachilomboko sikangakhale popanda iyo koma munthu alibe, mankhwala akamenye pamenepo. Mu 2014 anapezanso kuti jini ya kelch13 ikasintha, mankhwala a malungo otchedwa artemisinin amachedwa kupha kachilomboko, ndipo mu LA timamwayu muli mankhwala ochokera ku artemisinin yemweyo. Zinayambira ku Cambodia koma pano zapezeka ku Rwanda ndi Uganda, ine zimandidetsa nkhawa kwambiri izi.

Tikayesanso AlphaFold, pulogalamu ya pa kompyuta yolosera maonekedwe a mapuloteni, database yake ndi yaulere, muli maonekedwe a mapuloteni opitilira 200 miliyoni, tikaone limodzi kamphako komwe mankhwala angakakamire.

Muli ndi laputopu mubwere nayo itachajidwa. Amene simunapange biology musaope chonde, tiyambira pansi penipeni. Mundiuze pofika Lachinayi ngati mukubwera.