Dandaulo pa chimbale cha Ozzy chomwe mwanditumizira

Akuluakulu a shopu,

Ndalemba kalatayi mtima ukuwawa chifukwa ma imelo awiri omwe ndinatumiza kale palibe wayankha, foni yanunso imangolira osayankhidwa. Mwezi watha ndinagula pa webusaiti yanu Patient Number 9 ya Ozzy Osbourne, ya vinyl, ndalama munadula tsiku lomwelo koma katundu wafika patatha masabata atatu, katoni itanyowa mbali imodzi, kava yopindika pakona ngati wina anaikhalira. Mkatimo simunaikemo chilichonse chotchinjiriza, mbale zimangogubuduka.

Kavayo ndikanapirira. Vuto ndi mbale yomwe ili ndi nyimbo ya Degradation Rules, yapindika moti ukaiika pa tebulo imagwedera, ndipo ili ndi mzere wokandika woti ukapititsapo chikhadabo umaumva. Singano ikafika pomwe Ozzy akuimba harmonica gitala ya Tony Iommi ikulira pansi pake imadumpha n'kubwerera pomwepo, kudumpha kubwerera, mpaka ndinyamuke ndikaichotse. Ndayesa pa makina a mnzanga, chimodzimodzi, ndiye musandiuze zoti vuto ndi singano yanga ayi.

Mwina kwa inu ndi katundu chabe. Chimbalechi chinatuluka mu 2022 bamboyu ali ndi zaka 73, matenda a Parkinson's atamugwira kale, ndipo aka kanali koyamba Iommi kuimba pa chimbale cha Ozzy payekha chichokereni ku gulu la Black Sabbath. Nyimbo yomwe yawonongekayi ndi yomwenso inawina mphoto ya Grammy mu 2023. Mwa oimba gitala mulinso Jeff Beck yemwe anamwalira Januwale 2023, muli Eric Clapton, muli Zakk Wylde. Ine ndimakhala konkuno ku Birmingham, Ozzy atamwalira pa 22 Julayi 2025 ndinapita ndekha pa Broad Street kukaona maluwa pa benchi ya Black Sabbath ndikuchokera ku shifiti ya usiku, ndipo ndi tsiku limenelo lomwe ndinati chimbale chake chomaliza ndichigwire m'manja, osati kumangomvera pa foni.

Zomwe ndikufuna ndi izi, munditumizire china chatsopano chopakidwa bwino mu katoni yolimba, chowonongekachi mutumize munthu adzatenge pa ndalama zanu. Ngati zatha mundibwezere ndalama zanga zonse kuphatikiza ya positi. Zithunzi zinayi ndi kavidiyo ka singano ikudumpha ndaziika limodzi ndi kalatayi, nambala ya oda ili pa risiti. Ndidikira masiku 14, kupitirira apo ndikadandaula ku banki kuti andibwezere okha.

Ndine kasitomala wanu wokhumudwa,
wa ku Birmingham