Kwa mwana wanga amene akupita ku Sun Moon Lake

Mwana wanga wokondedwa,

Mlongo wako wandiwerengera uthenga wako wonena kuti iwe ndi anzako a kusukulu mukukonza ulendo wa ku Sun Moon Lake, m'dera la Nantou, patchuthi chikubwerachi. Sindikukuletsa, pakuti munthu sangakhale ku Taiwan nthawi yonseyi n'kubwerako akudziwa makoma a m'kalasi okha. Koma wandionetsanso zithunzi zako za mwezi wathawu, ndipo pachithunzi chilichonse unali ndi botolo m'manja. Usandiuze kuti linali la mnzako.

Wanena wekha kuti kumeneko amagulitsa mowa wa eni nthaka, wofululidwa ndi mbewu yonga mawere, wotsekemera mkamwa, ndiponso kuti mudzayenda pamaboti. Mtima wanga suli m'malo. Malume ako ankasambira kuposa mwamuna aliyense m'mudzi mwathu, koma tsiku lija anakwera bwato atalawa kachasu, ndipo tinakawapeza m'mabango. Unali wamng'ono, koma kulira kwa agogo ako sunakuiwale. Nyanja ya Sun Moon Lake imene ukupitayo ili m'mapiri, pamtunda wa mamita 748, ndipo kwa zaka zambiri kusambiramo kwakhala koletsedwa kupatula tsiku limene anthu zikwizikwi amaiwoloka limodzi chaka ndi chaka, opulumutsa anthu ali pambali. Ngati eni dziko akuiopa chonchi, iwe mlendo ndiwe yani?

Ndakondwa kuti ukufuna kukaphunzira za anthu a mtundu wa Thao, eni nthaka a m'mbali mwa nyanjayo, ndipo pamenepa ndaona kuti nzeru za bambo ako zidakalimo mwa iwe. Anthu amenewa sakwana 1,000, ndipo boma linawazindikira ngati mtundu paokha m'chaka cha 2001. Pamene Ajapani anakweza madzi a nyanjayo mu 1934 kuti apange magetsi, minda ndi midzi yawo inamira, iwo n'kusamutsidwira kumene lero kukutchedwa Ita Thao. Chivomezi cha pa 21 Seputembala 1999 chinagumulanso nyumba zawo ndi mbali ina ya kachilumba ka Lalu, kamene amati n'kwawo kwa mzimu wamkulu wa makolo awo, ndipo alendo saloledwa kupondapo. Anthu amene anataya zambiri chotere sayenera kuchezeredwa ndi mnyamata wodzandira, wolankhula mokuwa, woloza ndi chala chilichonse.

Ukakawaona akugunda minsi yaitali ndi yaifupi pamwala mpaka kutulutsa nyimbo, ukhale chete ndipo umvetsere, monga unkachitira amayi a pamtondo akamasinja m'mawa. M'nyumba zawo amasunga dengu la zovala za makolo, ndipo limenelo ndi lopatulika. Usalikhudze, usalijambule usanapemphe. Ku Formosan Aboriginal Culture Village, malo achisangalalo oonetserako zikhalidwe za eni nthaka a ku Taiwan, upite ndithu ukaone magule, koma udziwe kuti amenewo ndi okonzera alendo olipira pakhomo.

Mwina wamkulu wina adzakupatsa chikho mwaulemu. Uchilandire ndi manja awiri, ungolawa, uthokoze, basi. Anzakowo akakuseka, akuseke. Si iwo amene anakubereka. Ndikubwerezanso, chifukwa ndimakudziwa kuti uli pagulu sukana: usakwere boti utamwa, ndipo chovala choyandamitsa chija uvale ngakhale ena asavale. Ndalama zimene ndinakutumizira n'za mabuku ndi chakudya.

Undiimbire foni ukangotsika m'boti, kaya kuno kukhale pakati pa usiku. Ndikamva mawu ako ndidzadziwa ndekha ngati wamwa.

Ndine mayi ako.