Shaki yomwe tikuiopa si yomwe ikutha

A Mkonzi,

Ine ndimakhala ku Durban, ndimagwira ntchito kufupi ndi gombe. Anzanga akumudzi akangoona kavidiyo ka shaki pa WhatsApp amati zipheni zonse basi, ngati kuti shaki ndi imodzi. Ayi ndithu.

Pali ziwiri zapachibale, zonse za m'banja la Carcharhinus. Yoyamba azungu amati bull shark koma kuno amangoti Zambezi, dzina la mtsinje womwe Shire wathu amathiramo. Ndi yojintcha, yamphuno yaifupi, ndipo imalowa bwinobwino m'madzi opanda mchere, moti mu 1937 asodzi anaigwira ku Alton, ku America, mu mtsinje wa Mississippi, kutali zedi ndi nyanja. Imakonda madzi osaya amatope, komwe anthu amasambira, nde aliyense amaidziwa ndi kuiopa. Maukonde oteteza osambira omwe anayamba kutchera ku Durban mu 1952 amazikola ndithu. Mu 2021 bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yakutha, linaiika pa gulu la Vulnerable, ndiye kuti ikuchepa koma zinthu sizinafike poipitsitsa.

Inzakeyo ndi oceanic whitetip, ya zipsepse zazitali zozungulira kumapeto, nsonga zake zoyera ngati yaviika mu ufa. Iyi simungaione pagombe, imakhala pakatikati pa nyanja. Kale inali mbwee m'nyanja zofunda koma pano kuyambira 2019 ili pa Critically Endangered, yatsala pang'ono kutheratu. Vuto lake ndi chidwi, ikaona nyambo imapita kukalawa, nde zombo zopha nsomba za tuna zikaponya zingwe zamakilomita ambirimbiri zodzadza mbedza imakodwa yokha osaifuna nkomwe, kenako asodzi ena amangodula zipsepse zija zokaphikira supu ku Hong Kong, thupi lonse kuponyanso m'madzi. Kuswana kwake nakonso nkwapang'onopang'ono, bere pafupifupi chaka chathunthu, ana ochepa, osati ngati usipa.

CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi, inaika malamulo pa malonda a whitetip mu 2013, Zambezi ndi abale ake ena anawonjezeredwa mu 2022 pa msonkhano wa ku Panama. Papepala zili bho, koma pakati pa nyanja ndani akuona?

Zimandikumbutsa chambo cha ku Malombe, tinkati sichingathe. Chonde mukamalemba za shaki muzitchula mtundu wake, chithunzi cha mano chokha sichikutiuza kuti ndi iti.

Wowerenga wanu,
Durban