Lipoti la msonkhano wa ku London munandituma uja

Moni a tcheya, amayi ndi asisi nonse a gulu lathu lowerenga. Ndabwerako bwinobwino, pepani lipoti lachedwa masiku awiri, ndinangotsika sitima n'kulowa shifiti ya usiku ndiye mutu sumagwira. Zikomo posonkha ya thiransipoti, marisiti ali kale kwa a msungichuma, chenji ndibweretsa Loweruka.

Msonkhanowu unali wa magulu owerenga nkhani zopeka za makedzana, tinakumana mu holo ya laibulale ina kum'mawa kwa London. Mutu wake ndi womwe uja takhala tikukanganirana miyezi itatuyi, mabuku a mtsikana wosaukitsitsa wa nthawi ya Mfumukazi Victoria, bambo anamwalira kaya ndi chidakwa, mayi ali gone ndi chifuwa, azing'ono ake onse maso ali pa iye, lendi Lolemba. Za m'mawa sindichedwapo, kunali kudziwana ndi tiyi basi. Nkhani inayamba atayimirira mayi wina wachikulire wophunzitsa mbiri yakale.

Mayiyu sanayambe ndi kulankhula ayi. Anatigawira aliyense timapepala, timakatoni topyapyala ndi phala lomatira la ufa, akuti pangani bokosi la machesi. Asisi, ine ndimati ndili ndi manja ochenjera koma kabokosi kanga koyamba kanatuluka kopindika, kadirowa kake kosalowa, zala zonse nyatanyata phala. Tili mkati molimbana nazo ndi pamene anatiuza kuti amayi ndi ana awo ankapanga zimenezi m'chipinda chomwecho chogonamo ndi kuphikiramo, malipiro ake mapeni awiri ndi kachidutswa pa mabokosi 144, phala n'kugula okha, akapezeka opindika ngati langa lija amabwezedwa osalipidwa. Holo yonse inangoti zii. M'mabuku timangowerenga mzere umodzi woti anakhala usiku wonse akumata mabokosi n'kutembenuza tsamba, ine kuyambira tsopano mzere umenewo sindidzaudumphanso.

Atatero anatenga zinthu zimene timazipeza m'mabukumu n'kumatiuza kuti izi n'zoona, izi wolemba anathira mchere. Za pinyolo n'zoona, zovala za kutchalitchi amakazisiya Lolemba n'kukaziwombola Loweruka akalandira, sabata ndi sabata, chiwongola dzanja chikungodya. Bedi la usiku umodzi m'nyumba zogona anthu osowa pokhala linali mapeni anayi, ukasowa amenewo ugona panja. Ndipo workhouse, nyumba yosungiramo osauka n'kumawagwiritsa ntchito, imene atsikana a m'mabukumu amaiopa ngati manda sinali nthano, lamulo la 1834 linaikonza dala kuti ikhale yowawa kuposa umphawi wa kunja kuti anthu asamathamangireko, ukalowa mwamuna uku, mkazi uku, ana kwina. Lamulo lomwelo linasenzetsa mayi yekha udindo wa mwana wobadwa kunja kwa banja, ndiye mukaona mtsikana wa m'buku akubisa mimba mpaka kudzimanga nsalu pamimba musamati wolemba akukokomeza. Anationetsanso mapu a 1889 a Charles Booth, wofufuza za umphawi mu London, msewu uliwonse ndi utoto wake malinga ndi chuma cha okhalamo, wakuda ndiye wa osaukitsitsa, ndipo kafukufuku wake anapeza kuti anthu oposa 30 pa 100 aliwonse mu London anali pa umphawi. Mu likulu la ufumu womwe nthawi yomweyo unkatumiza anthu kwathu kukatiphunzitsa chitukuko. Zimenezi zinandikhala pamtima.

Mkangano unabuka pa mathero a nkhanizi, ngati mmene zimakhalira kwathu kuno. Bambo wina anati anthu amawerenga kuti apume, munthu wachoka ku ntchito watopa ndiye alekeni mtsikanayo akwatiwe ndi dokotala wachifundo kapena atulukire kuti agogo ake anali olemera. Ambiri anawomba m'manja, ndipo sindikuwanyoza, inenso mabuku amenewa ndi amene amandiperekeza pa bureki ya 3 koloko usiku okalamba amene ndimasamalira ku ntchito akagona. Koma ndinaimika dzanja, mtima ukugunda chifukwa cha chizungu changachi, n'kunena zimene munandituma zija, kuti ife chimatipweteka n'choti masamba 400 mtsikana wadzilimbira yekha, wadyetsa abale ake, wakana abwana omufuna, kenaka pa masamba khumi omaliza amupulumutsa ndi mwamuna wa ndalama, nanga anzake onse a mu msewu muja atsala kuti? Mayi wa mbiri uja anangoti funso limenelo tikaliyankhe masana tikayenda.

Masana anatitengera ku Bow, dera la kum'mawa kwa London komweko, ku fakitale yakale ya machesi ya Bryant & May. Chinyumba chachikulu cha njerwa zofiira, fakitale inatsekedwa 1979 pano ndi mafulati a geti, pakhoma pali chikwangwani chozungulira cha buluu chimene anaika 2022. Tinaima pamenepo kamvula kakuwaza iye akufotokoza. Atsikana ambiri a m'menemo anali azaka za m'ma 15, 16, ena ocheperapo, ambiri ochokera m'mabanja a ku Ireland, tsiku lonse chiimire, kuwadula malipiro chifukwa cholankhula, kugwetsa machesi kapena kuchedwa. Mankhwala a white phosphorus amene ankapangira mitu ya machesi ankawoletsa nsagwada, amayamba ngati dzino likuwawa kenaka mafinya, fupa n'kumadyeka, ndipo chakudya ankadyera pomwepo pogwirira ntchito. Mu June 1888 Annie Besant, mayi womenyera ufulu wa anthu, analemba za nkhanzazi mu nyuzi yake ya The Link, mabwana anafuna kuti atsikanawo asaine kuti zonsezo n'zabodza, iwo anakana, mmodzi atachotsedwa ntchito anzake anatuluka, kumayambiriro kwa July atsikana ndi amayi pafupifupi 1,400 anali pa sitalaka. Opanda bungwe, opanda ndalama yosunga, kunyumba kuli ana ofuna kudya. Patatha masabata awiri mabwana anagonja, zodula malipiro zinatha, anawapatsa malo ena odyera, ndipo anayambitsa bungwe lawolawo la amayi opanga machesi. Mankhwala aja anapitirirabe zaka zambiri, m'mafakitale ena mpaka lamulo lowaletsa linayamba kugwira ntchito 1910, ndiye musaganize kuti zonse zinakoma tsiku limodzi. Mmodzi mwa otsogolera anali Sarah Chapman, mtsikana wamba wa m'fakitale momwemo.

Ine pamenepo misozi inalengeza, sindibisa. Ndinakumbuka msuweni wanga amene anapita ku Blantyre ali ndi zaka 14 kukagwira ntchito ya m'nyumba, miyezi isanu osalandira, amene anamuchotsako sanali bwana wachifundo ayi, anali amayi ogulitsa tomato a pa mpanda womwewo amene anasonkherana ya basi n'kumubisa usiku umodzi. M'mabuku athu aja amayi otere alimo, neba wobwereketsa ketulo, wolera mwana wa mnzake masana, mzamba wosalipiritsa, koma wolemba amawaika kumbali ngati zokometsera pamene iwowo ndi amene ankagwira moyo wa msewu wonse. Ndiye maganizo anga ndi oti mabukuwa tisawasiye, ndi amene anatikokera ambirife ku kuwerenga ndipo zambiri za umphawi amanena zoona, koma tiziwerenga maso ali pa anthu a m'mbali aja, ndipo pokambirana tizifunsa kuti amene anamusunga mtsikanayu ndani kwenikweni.

Zimene magulu anagwirizana ndi ziwiri. Choyamba gulu lililonse likamasankha buku la mtunduwu lizipeza munthu mmodzi wofufuza mbiri yeniyeni ya malo ndi zaka za nkhaniyo, afotokoze mphindi khumi zokha tisanayambe kukambirana. Mapu a Booth ali pa intaneti ulere, mutha kusaka msewu wa m'buku n'kuona utoto wake, ndayesa kale ndi buku tikuwerengali ndipo zikutheka pa foni. Chachiwiri akufuna magulu azisinthana mabuku pa positi kuti tisamangogula, ine sindinalonjeze kanthu ndinati ndikafunse kaye eni ake.

Changa chowonjezera, a tcheya mundikhululukire ngati ndadumpha malire, ndinawauza kuti mwina ulendo wina tidzapita ambiri osati mmodzi, chifukwa pa geti paja mpofunika aliyense akaimepo yekha. Amene muli ndi ana achitsikana a ku sekondale ganizirani zowatenga. Yankhani pa zosinthana mabukuzo pofika Lachinayi kuti ndiwadziwitse, ndipo Loweruka ndibwera ndi timakatoni ndi phala, aliyense adzamate kabokosi kake tisanatsegule buku.